Waya Wachitatu wa Mtima wa Taziona

Bodza limene Vania ananena Lachinayi lija linali la mawu awiri okha: "Ndawauza kale." Analinena ali pakhonde la nyumba ya lendi ya Taziona, kuseri kwa msika wa pa Boma la Mwanza, akupinda malaya amene anali atangomuanulira pachingwe. Lilime silinapunthwe n'komwe. Amene amati wabodza amagwetsa maso sanamuone mtsikana ameneyu, chifukwa iye anachita kumuyang'ana mwamunayo m'maso mwenimweni.

"Ndiye amayi anati chiyani?" anafunsa Taziona.

"Anangoti Mulungu ndi wamkulu."

"Basi?"

"Amayi salankhula zambiri, mukawaona nokha."

Choona chinali pamenepo pokha. Koma Taziona, mphunzitsi wa masamu wochokera ku Ntchisi, amene anali pa chibwenzi ndi Vania kwa chaka ndi theka, anakhulupirira zonse ndipo nkhope yake inamasuka. Anagwira pansi pa phewa lamanzere, pomwe panali potukumuka ngati bokosi la machesi m'kati mwa khungu.

Mtima wa Taziona unali utakula n'kufooka, ndipo mbali zake ziwiri sizinkafinyira magazi pamodzi. Mwini wake, poti uphunzitsi suthera m'kalasi, ankati zili ngati anthu awiri onyamula tebulo limodzi, wina akamakweza mnzake akutsitsa. Zaka ziwiri anamwa mapilitsi, miyendo n'kumatupabe, kachitunda kopita kusukulu n'kumamupumitsa katatu. Kenako madokotala a mtima ochokera kunja, amene amabwera kamodzi pa chaka pa chipatala china ku Blantyre, anamusankha pakati pa anthu ambirimbiri. Anamuuza kuti pesimeka wamba, kachipangizo ka batire kowongolera kugunda kwa mtima, wa waya mmodzi kapena mawaya awiri, amathandiza anthu amene mtima wawo umagunda mochedwa. Iye ankafunika wa mawaya atatu, wachitatuyo wozungulira kuseri kwa mtima, kuti mbali zonse zizifinya nthawi imodzi. Tsopano panali patatha milungu itatu chimuikireni, ndipo kachitunda kaja ankakakwera akuimba mluzu.

Malamulo analipo, olembedwa pa khadi limene ankayenda nalo m'chikwama. Foni isamakhale m'thumba la malaya lakumanzere. Asamaime pafupi ndi anthu owotcherera zitsulo. Koma lalikulu pa onse, limene nesi anachita kulibwereza katatu, linali lakuti kwa milungu isanu ndi umodzi asakweze mkono wamanzere kupitirira phewa, ndiponso asanyamule cholemera, mpaka mnofu utagwira mawaya aja.

"Ndinali ndi mantha, Vania," anatero Taziona. "Kukaonekera kwa makolo a mkazi uli ndi batire pachifuwa si masewera. Koma poti akudziwa, Loweruka ndipita wopepuka."

"Mukangokhala pampando n'kumwa tiyi, basi."

"Nkhuku ukandiphere."

"Yamchere wochepa, monga ananenera adokotala."

Taziona anaseka. Vania naye anaseka, maso ali pa malaya amene ankapinda.

*

Tisamuweruze msanga mtsikanayu, ngakhale kuti kumuweruza n'koyenera. Makolo ake anawoloka malire kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo n'kudzakhazikika ku Thambani. Bambo ake anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo chinawatenga ndi mtima womwewu. Zaka zinayi anadwala, miyendo ili ndiii kutupa, kugona chokhala atatsamira matumba a chimanga chifukwa akagona chagada ankabanika. Amayi Orlanda, amayi ake a Vania, ankawasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza okha. Tsiku lometa maliro anayang'ana ana awo aakazi awiri n'kunena mawu amene Vania sanawaiwale: "Mwana wanga sadzalowa m'banja kukakhala nesi."

Ndiye Taziona atagonekedwa ku Blantyre, Vania anauza amayi ake kuti aphunzitsi apita kukachonga mayeso. Ankati choona adzanena mawa. Mawa lija linabereka linzake, mpaka tsiku lokaonekera linayandikira.

Chimene chinkamudya kwambiri ndi mtengo wa bambo ake. Kuseri kwa khitchini ya kwawo kunali mtengo wa manachesi wautali kuposa yonse, umene bambowo anaunyamula uli mbande m'chitini pothawa nkhondo. Mwamuna wa Angélica, mkulu wake wa Vania, atabwera kudzaonekera, bambo aja anamupatsa dengu mocheza kuti athyole kaye asanalankhule za mwana wawo. Bambowo atamwalira, nthabwala ija inasanduka lamulo la pakhomo. Vania ankazidziwa bwino zimenezi, choncho Lachisanu m'mawa anaimbira amalume ake a Tomas, amene ana onse ankawaitana m'Chipwitikizi kuti a tiyu.

"A tiyu, manachesi mwathyola?"

"Tamaliza dzulo, mwana wanga. Madengu ali mbwee pabwalo, tikungodikira galimoto."

"Onse?"

"Wayamba liti kukonda za kumunda iwe? Ndati tamaliza."

Vania anatseka foni mtima uli m'malo. Posakhalitsa inalira, uthenga wochokera kwa Crispim, mwini pikapu amene ankagula manachesi m'midzi n'kukagulitsa ku Blantyre. Crispim anali atamufunsira Vania kawiri n'kukanidwa kawiri, koma sankaleka kubweretsera amayi Orlanda zitenje za ku Tete.

"Ndamva kuti aphunzitsi akubwera mawa," unatero uthengawo. "Nane ndidzakhalapo, ndikudzanyamula katundu. Tidzaone ngati choko chimalimbitsa mikono."

Vania anaufufuta osauyankha.

*

Awiriwo anafika ku Thambani Loweruka dzuwa likuyamba kutentha, fumbi la mwezi wa Juni lili tho m'tsitsi. Kunali kungoonekera chabe, ankhoswe anali oti adzabwere pambuyo, ndiye Taziona sanabwere ndi wachibale aliyense. Anagwada pafupi ndi mkeka wa amayi Orlanda, moni n'kuyenda bwinobwino. A Tomas anamupatsa mpando. Crispim anali atatsamira pikapu yake, akusenda nachesi ndi chala chachikulu.

Vania analowa m'khitchini kukatenga tiyi. Potuluka ndi thireyi anaponya maso kuseri. Mitengo yonse inali yothyoledwa, kupatula umodzi. Mtengo wa bambo ake unali psuu, nthambi zitawerama ndi zipatso, makwerero atautsamira kale.

"Uwo tinausiyira alendo," anatero a Tomas akuseka. "Iwe Vania ukanadziwa ukanawatsina khutu, n'chifukwa chake sindinakuuze. Aphunzitsi, pakhomo pano tili ndi kamwambo kathu. Amene akufuna mwana wa kuno amathyola dengu limodzi mumtengo wa malemu, n'kulitula yekha pamapazi a amayiwa. Akatero ndiye timayamba kumvana."

Taziona anamwetulira mwaulemu.

"Pepani amalume, ndikanakonda kwambiri. Koma monga Vania anakuuzirani, za ku Blantyre zija…"

"Za mayeso? Watiuza. Munthu wochonga mapepala mwezi wathunthu akufunika kuwongola msana."

 Taziona anatembenuka n'kumuyang'ana Vania kamodzi kokha. Sikunali kuyang'ana kwa mkwiyo, kunali kwa munthu amene waponda pamene amayesa kuti pali sitepe.

Vania ankadziwa choyenera kunena, ndipo sichinali chachitali. Akudwala mtima, sangakwere.  Anaona amayi ake pamkeka, chitenje chakuda chija chili m'chiuno. Anaona Crispim akumwetulira ndi mbali imodzi ya kamwa. Anayang'ana makapu a pathireyi n'kuyamba kuwasanja, ngakhale anali osanjika kale.

"Ngati aphunzitsi amaopa minga, ndikhoza kuwathyolera," anatero Crispim. "Kungoti dengu ndikalitula ine, kaya zikatha bwanji."

A Tomas anaseka. Taziona anaimirira. Anavula jekete pang'onopang'ono, nalipinda, naliika pampando. Anamasula wotchi. Anakhalanso pansi n'kumasula zingwe za nsapato, imodzi imodzi, masokosi n'kuwalowetsa m'kati. Anatulutsa foni n'kupita kukaiika pathireyi ya Vania, naima pamenepo kanthawi. Vania sanadzutse mutu.

Taziona anakwera. Poyamba ankathyola ndi dzanja lamanja lokha, lamanzere atalikhazika pachifuwa, manachesi n'kumawaponyera a Tomas amene ankawawakha n'kuika m'dengu.

"Mkono winawo mwausungira tsiku la ukwati?" anafunsa Crispim.

Nthambi za m'munsi zinatha dengu lili pakati. Taziona anakwera masitepe ena atatu. Akutambasukira nthambi ya pamwamba, mwendo umodzi wa makwerero unalowa m'dothi lofewa, makwerero n'kupendekeka. Munthu akamagwa safunsa kuti dokotala anati chiyani. Dzanja lamanzere linauluka lokha n'kugwira nthambi pamwamba pa mutu, ndipo thupi lonse linalendewera pamenepo mpaka a Tomas atawongola makwerero. Vania anaona nkhope ya Taziona ikukwinyika, mano atalumana. Ngakhale pamenepo Vania sanaulule.

Dengu linadzaza. Taziona anatsika, mikono itakalikakalika ndi minga, nawerama, nalikweza ndi manja awiri mpaka paphewa. Anayenda nalo kudutsa bwalo lonse n'kulitula pamapazi a amayi Orlanda. Amayiwo anasankha nachesi limodzi, nalisenda, nadya theka, theka linalo n'kumupatsa.

"Mwafika, bambo," anatero. "Pano ndi panu."

A Tomas anaomba m'manja. Crispim analiza galimoto n'kuchoka osatsanzika. Linali tsiku limene Vania analilota kwa chaka chathunthu, koma nkhuku imene anaphika yekha inamukanika kumeza.

*

Cha m'ma folo koloko anali pa sitolo ina pa Thambani, kudikira galimoto yobwerera ku Boma.  Vania atamuyang'ana Taziona anaona malaya ake akudumphadumpha pansi pa nthiti zakumanzere, mosalekeza, ngati muli kachule m'kati.

"Chimenecho n'chiyani?"

"Chayamba tikudya."

"Chikupweteka?"

"Ayi. Chikungondikoka nthawi iliyonse mtima ukagunda."

Vania anagwira pakamwa. Misozi imene anaitsekera tsiku lonse inatuluka.

"Bwanji simunakane? Mukanangoti simungathe."

"Ndikanati chifukwa chiyani? Kuti mwana wanu wakunamizani, nane wandinamiza? Pamaso pa amalume ako ndi mkulu wa pikapu uja?"

"Ndinkaopa amayi. Bambo anga anamwalira ndi…"

"Ndikudziwa, unandiuza. Ukanandiuzanso kuti walephera kuwauza, tikanaganiza limodzi. Tikanadikira milungu itatu yokha, Vania, ndikanadzathyola mtengo wonsewo."

Taziona anayang'ana anyamata a kabaza akulimbirana munthu kutsidya la msewu. Polankhulanso mawu ake anali otsika.

"Ukuganiza kuti munthu amavula wotchi kuti akwere mumtengo? Ndinkakudikira. Jekete, wotchi, nsapato, masokosi. Zovula zinandithera, ndiye ndinakubweretsera foni. Ndinkati mwina ndikaima pafupi ulimba mtima."

Vania akanakonda atamukalipira, ngakhale kumutukwana kumene. Koma galimoto itafika Taziona anamutsegulira chitseko ndi dzanja lamanja, monga ankachitira masiku onse.

*

Lolemba m'mawa Taziona ndi Vania anali pa chipatala chija ku Blantyre. Nthanda, mchemwali wake wamkulu wa Taziona amene ankakhala ku Chilomoni, anawapeza pa benchi. Ndi iye amene anali gadiyani nthawi ya opaleshoni. Anapereka moni kwa Vania mwachidule n'kukhala pakati pawo.

Atamujambula Taziona pachifuwa, dokotala wina wachizimayi anawalowetsa onse atatu m'chipinda. Anaika kachipangizo kozungulira pamwamba pa pesimeka, nayamba kudina makina ooneka ngati sutikesi yotsegula. Anayesa uku, nayesa uku, koma malaya aja sanaleke kudumpha. Pomaliza anadina kamodzi, ndipo kudumphako kunasiya.

"Mwakonza?" anafunsa Nthanda.

"Ayi mayi, ndazimitsa. Waya wachitatu wasuntha. Wachoka pomwe anamuika n'kukatsamira mtsempha umene umayendetsa mnofu wopumira, n'chifukwa chake mumaona kudumpha kuja. Ndayesa kusintha njira ya magetsi, zakanika."

"Nanga enawo?"

"Awiriwo ali bwino, koma mtima wa achimwene anuwa umafuna wachitatuyo. Popanda iye, mbali ziwiri zija zibwerera kusamvana. Kutopa kukhoza kuyambiranso, mwinanso kutupa. Mankhwala tiwonjezera."

"Ndiye mumubwezeretse pamalo pake."

Dokotala anavula magalasi.

"Pafunika kutsegulanso. Amene amaika waya ameneyu anabwerera kwawo, adzabweranso Meyi chaka chamawa. Tilemba kalata yopempha kuti atumizidwe kunja, koma mzere wake ndi wautali, sindikunamizeni. Bambo Taziona, munakweza mkono?"

"Ndinaiwala, adokotala. Ndinkatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati."

Vania anamva ngati pansi patseguka. Munthu amene iye anamunamiza tsopano anali kunama pofuna kumuphimba iyeyo.

Taziona atapita kukatenga mankhwala, Nthanda anamukokera Vania pakona ya khonde. Masiku onse ankamuitana kuti alamu. Tsiku limenelo anayamba ndi funso.

"Kabati ya ku Mwanza ili ndi minga?"

Vania anagwetsa nkhope.

"Ndaiona mikono yake. Ine ndinagona pa simenti pano masiku khumi, ndikumutembenuza ngati dzira kuti mkono uja usagwedezeke. Ndiuzeni chimene chachitika, musapite m'mbali."

Vania ananena zonse, kuyambira pa mayeso abodza mpaka pa dengu. Nthanda anamvetsera manja atawapinda pachifuwa.

"Inu munali pati pamene ankakwera?"

"Pomwepo."

"Pakamwa panali potupa?"

 Nthanda anapukusa mutu.

"Ku Mwanza sabwererako pakali pano. Ndikumutenga, akakhala kwa ine, kusukulu tikapereka kalata ya adokotala. Sindikuletsani kumukonda, Vania, koma chikondi chanu chamubwezera pomwe tinamuchotsa."

Vania ali mu minibasi yobwerera ku Mwanza, atangodutsa pa Zalewa, foni yake inalira. Unali uthenga wa Taziona.

"Wafika pati? Usalire m'galimoto, anthu angaganize kuti ndafa. Achemwali akwiya lero, mawa aphwa. Meyi si kutali."

Anauwerenga katatu. Analemba kuti pepani, nafufuta. Analemba kuti ndimakukondani, nafufutanso, chifukwa mawu onse ankaoneka opepuka. Pomaliza analemba kuti, "Mawa ndikupita ku Thambani kukawauza amayi," ndipo ulendo uno zinali zoona.

*

Anawapeza amayi Orlanda pamkeka womwe uja, akuswa mtedza m'lichero. Anagwada patsogolo pawo asanavule n'komwe nsapato.

"Amayi, ndinakunamizani. A Taziona sanapite kukachonga mayeso."

Manja a amayiwo sanaime. Vania anafotokoza za mtima wotupa, za batire ndi mawaya atatu, za lamulo la mkono, za waya amene wasuntha ndi madokotala amene sadzabwera mpaka Meyi. 

"Miyendo imatupa?" anafunsa amayi Orlanda.

"Inkatupa. Atamuika chija inasiya."

"Pogona amatsamira?"

"Kale ankatsamira mapilo atatu. Masiku apitawa amati limodzi likumukwana."

Apo manja anaima.

"Limodzi," anabwereza. "Bambo ako anafuna kugona chagada usiku umodzi wokha asanafe, sizinatheke. Ndiye kuli chinthu chimene chimagonetsa munthu wotere pa pilo limodzi?"

"Chilipo, amayi."

"Ndipo mnyamata uja anali nacho."

"Anali nacho."

"Pamene ankakwera mumtengo, iwe unkadziwa kuti akhoza kuchiwononga?"



"Ndinkadziwa."

"Pamene ankalendewera?"

"Ndinkadziwa."

"Pamene ankasenza dengu kubwera nalo kwa ine, ine n'kumamwetulira ngati chitsiru?"

"Amayi, ndinkaopa inuyo. Munanena nokha kuti mwana wanu sadzalowa m'banja kukakhala nesi."

Amayi Orlanda anaika lichero pambali. Nkhope yawo sinali yokwiya, ndipo zimenezo n'zimene zinamuopsa Vania.

"Ndinanena, inde. Ndinanena mutu uli wometa, nditatha zaka zinayi osagona. Ukanabwera kudzandiuza, ndikanalira, mwinanso ndikanakana mwezi umodzi kapena iwiri. Koma ine bambo ako sindinawalole kunyamula ngakhale ndowa. Amuna anzawo ankawaseka kuti alamulidwa ndi mkazi, ine n'kumawayankha pamaso pomwepo. Manyazi ndinawadya ine kuti iwo apume."

Anatembenukira kumunda n'kuitana achimwene awo. A Tomas anabwera khasu lili paphewa.

"Achimwene, mutumize mawu kwa akuchimuna. Ankhoswe asabwere."

Vania anakwawa ndi maondo mpaka anagwira chitenje cha amayi ake.

"Amayi, chonde. Kudwala si kufuna kwake. Ndi munthu wabwino, mwamuona nokha."

"Ndani wanena za iye? Mnyamata uja ndinamulandira, nachesi lake ndinadya. Anakwera mumtengo ndi mtima wobwereka kuti mwana wanga asachite manyazi. Mkamwini woposa ameneyo pakhomo pano sadzabwera."

"Nanga bwanji mukuletsa ankhoswe?"

"Chifukwa amene sindingamupereke ndiwe."

A Tomas anatsitsa khasu pang'onopang'ono. Amayi Orlanda anaimirira, nakutumula makoko pachitenje, nalowa m'nyumba. Potuluka anali atavala nsapato za ku tchalitchi, mpango uli kumutu, kachikwama kali m'khwapa.

"Ndilembere nambala ya mchemwali wake uja. Ndikupita ku Blantyre ndekha kukagwada, poti mtengo ndi wa pakhomo panga."

"Ndikuperekezeni."

"Iwe utsala."

Vania analemba nambala ija. Amayi ake anaipinda n'kuiika m'kachikwama, nayamba kuyenda kulowera kumsewu. Vania anawathamangira mpaka pa mpanda.

"Mukakamuona mukamuuza chiyani?"

Amayi Orlanda sanatembenuke.

"Ndikamuuza zoona. Kuti kuyambira pano mpaka Meyi akufunika munthu womulankhulira pamene iye sangathe, ndipo kwathu kuno munthu woteroyo sindinabereke."